Mazira omwe amazindikira mvula yonamiza

Mwezi wa Okutobala ukafika pakati, dera la Lirangwe m'boma la Blantyre limatentha ngati ng'anjo ya njerwa. Kuyambira pa Matindi mpaka ku Mdeka, m'mbali mwa msewu wa M1, tchire limakhala litapsa, mbuzi zitabisala m'mithunzi ya milambe, ndipo maenje ndi matamanda omwe ankasunga madzi m'dzinja amakhala atauma gwa, nthaka yake itachita ming'alu.

Munthu wodutsa pamalo otere saona chamoyo chilichonse. Ndi fumbi lokhalokha.

Koma mvula yeniyeni ikangogwa usiku umodzi n'kudzaza maenjewo, pasanathe masiku atatu m'madzimo mumakhala muli piringupiringu. Mukawerama n'kuyang'anitsitsa mumaona tinthu ting'onoting'ono tikudumphadumpha, tina tikusambira, tina tikukwawa pansi ngati tinjere ta mawere. Sitidabwere ndi mtsinje, poti dzenjelo silikumana ndi mtsinje uliwonse. Tilibenso mapiko oti n'kuulukira.

Ana ambiri amakula akukhulupirira kuti zamoyo za m'zithaphwi zimagwa ndi mvula kuchokera kumwamba. Zoona zake n'zakuti tinthuti tidali pomwepo chilimwe chonse, m'fumbi lomwe anthu amaponda popita kumsika. Tidali m'mazira. Ndipo chodabwitsa n'chakuti mazirawa saswa ndi madzi alionse. Amasankha mvula, ndipo ngakhale mvula yabwino itagwa, ena amatsala dala kudikira ina.

Abale ake a nkhanu

Tizilombo tikukambati si mbululu, poti mbululu ndi ana a achule omwe amabwera okha kudzaikira mazira madzi akadzadza. Sitilinso mphutsi za udzudzu. Akatswiri a sayansi amatiika m'banja limodzi ndi nkhanu, kaamba koti tili ndi chikamba cholimba kunja kwa thupi, timiyendo tambiri, ndipo timafundula tikamakula. M'nkhani ino tingotitchula kuti tinkhanu ta m'zithaphwi.

Tilipo ta mitundu yambiri. Tofala kwambiri ndi tomwe timadumphadumpha m'madzi ngati utitiri, monga ta mitundu ya Daphnia ndi Moina, tomwe kukula kwake n'kuyambira pamutu wa singano kufika pa njere ya chitowe. Palinso tina ta diso limodzi totchedwa copepod, tomwe timasambira modukizadukiza, tatikazi take titanyamula timatumba ta mazira kumbuyo. Tina tili ndi zikamba ziwiri zotseka ngati chitseko, ndipo timakonda kukwawa pansi pa matope.

Tokongola kuposa tonse ndi tomwe Angerezi amati fairy shrimp. Timatalika masentimita awiri kapena atatu, thupi lake limaonekera mkati ngati galasi, kumchira nthawi zina kumakhala kofiira, ndipo timasambira chagada, miyendo ikupalasa m'mwamba. Mtundu wake wotchedwa Streptocephalus ndi wofala m'matamanda a kumadera otentha a kummwera kwa Africa kuno. Akatswiri akadapezabe mitundu yatsopano: mu 2017 Tamuka Nhiwatiwa wa ku yunivesite ya Zimbabwe ndi anzake adalengeza mtundu wina omwe adaupeza m'matamanda a kuchigwa cha mtsinje wa Save m'dzikolo.

Tinkhanu tokulirapoti sitingakhale pamodzi ndi nsomba chifukwa tilibe chodzitetezera nacho. N'chifukwa chake kwawo kwenikweni ndi madzi osakhalitsa: chithaphwi cha m'mbali mwa njanji, dzenje lakale lomwe okonza msewu adakumbapo dothi, thamanda la kudambo, kapena kadziwe ka pathanthwe. Chilimwe chomwe chimathamangitsa nsomba ndicho chimawapatsa malo.

Dzira lopirira

Kuti mtundu usathe madzi akauma, tinkhanuti timasiya mazira apadera m'matope. Ndi aang'ono zedi: a fairy shrimp mutawandandalika anayi kapena asanu pamzere ndiye angakwane milimita imodzi. Mkati mwa dziralo mumakhala kale kamwana koyamba kuumbika, koma kukula kwake kumaima. Madzi onse a m'thupi mwake amachoka, ndipo m'malo mwake mumatsala shuga wina wapadera wotchedwa trehalose yemwe amateteza ziwalo zake kuti zisaonongeke. Kunja kuli chikamba chochindikala chotchinga dzuwa.

Dzira lotere silidya, ndipo tingati silipuma. Limapirira kutentha kwa dothi la m'mwezi wa Okutobala, kupondedwa ndi ng'ombe, ngakhale kumezedwa ndi mbalame n'kutuluka m'zitosi. Mphepo ya kamvuluvulu, mapazi a mbalame za m'madzi ndi ziboda za ziweto ndi zomwe zimasamutsa mazirawa kuchoka pathamanda lina kupita pa lina.

Izi zidadziwika kale ndithu. Mu 1895 katswiri wa ku Norway, Georg Ossian Sars, adalemba za tinkhanu tomwe adaswetsa kuchokera m'matope ouma omwe adamutumizira kuchokera ku South Africa. Matopewo adayenda panyanja pasitima, iye adangowathira madzi m'mabotolo kwawo, zamoyo za ku Africa n'kuyamba kusambira ku Ulaya.

Nanga dzira lingadikire nthawi yaitali bwanji? Mu 1995 Nelson Hairston wa ku yunivesite ya Cornell ku America ndi anzake adaswetsa mazira a copepod omwe adakhala pansi pa dziwe lina ku Rhode Island kwa zaka zoposa 300. Mu 2014 akatswiri ena m'dziko lomwelo adalengeza kuti aswetsa mazira a Daphnia a zaka pafupifupi 700 omwe adawafukula pansi pa nyanja ina yaing'ono ku Minnesota. Amenewo adasungika m'matope ozizira a pansi pa madzi. M'dothi lotentha ngati lathu mazira safika zaka zotere, komabe amatha kudumpha madzinja angapo ali amoyo.

Zomwe dzira limadikira

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzira la tinkhanuti lilibe maso kapena makutu, koma lili ndi njira zake zodziwira ngati madzi omwe afikawo ndi okhalitsa kapena ayi. Kulakwitsa ndi imfa, chifukwa likaswa m'madzi oti auma mawa, kamwanako kafa kasanaikire mazira akeake.

Choyamba ndi chilimwe chenichenicho. Mazira a mitundu yambiri saswa m'madzi omwe adaikiridwamo. Amayenera kuyamba auma kaye. Izi zimathandiza kuti asaswe kumapeto kwa dzinja, pomwe thamanda latsala pang'ono kuphwa komanso ladzadza ndi adani monga mphutsi za tombolombo ndi tizilombo tina tolusa ta m'madzi. Kuuma kuli ngati kumasula loko woyamba.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa madzi. Chinyezi chokha sichikwanira. Mvula ya chizimalupsa, ija imangonyowetsa fumbi n'kuzimitsa moto wa tchire mu Okutobala, siimiza dzira kwa nthawi yokwanira. Dzira limafunika kumira kwa maola ambiri likumwa madzi. Likamwa, kamwana kamadzuka n'kuyamba kusandutsa shuga uja kukhala mankhwala ena omwe amakoka madzi ochuluka kulowa mkati, mpaka chikamba chimaphulika ngati nyemba yofufuma. Madzi akauma izi zisanafike patali, dziralo limatha kugonanso, ngakhale kuti limakhala litataya mphamvu pang'ono.

Chachitatu ndi mchere wa m'madzi. Madzi a mvula alibe mchere, koma akakhala padothi amasungunula mchere wa m'nthaka. Mvula ikakhala yochepa, timadzi take timakhala ndi mchere wambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwake. Ikakhala yambiri, mcherewo umasukuluka. Chimodzimodzinso thamanda likayamba kuphwa ndi dzuwa, mchere umatsalira n'kumachuluka. Kafukufuku wa Luc Brendonck wa ku yunivesite ya Leuven ku Belgium, yemwe wafufuza kwa zaka zambiri maiwe a pamatanthwe ku Botswana ndi ku South Africa, adaonetsa kuti mazira a fairy shrimp amaswa ambiri m'madzi osukuluka bwino ndipo amazengereza m'madzi a mchere wochulukirapo. Tingati dzira limalawa madzi kuti lidziwe kukula kwa mvula.

Chachinayi ndi kutentha. Mtundu uliwonse uli ndi malire ake. Madzi osaya, ofika m'kakolo, amatentha kwambiri masana a ku Lirangwe, ndipo madzi otere sachedwa kuuma. Madzi akuya amakhala ofunda bwino osapyola muyeso. Kumaiko ozizira ndi zosiyana: kumeneko mazira ena amayenera kudutsa kaye m'nyengo yachisanu asanaswe. Mtundu uliwonse udazolowera nyengo ya kwawo.

Chachisanu ndi kuwala. Dzira lokwiririka pansi m'matope, komwe kuli mdima, nthawi zambiri siliswa ngakhale litanyowa. Izi n'zomveka, chifukwa kamwana koswa pansi pa dothi sikangathe kudzifukula. Omwe ali pamwamba, poti kuwala kukufika, ndiwo amayamba. Otsalawo amadikira tsiku lomwe ng'ombe zidzaponde matopewo kapena madontho a mvula yamphamvu adzawavundule. Pansi pa matope mpweya wabwino umakhalanso wochepa, ndipo popanda mpweyawu kamwana sikangamalize kudzuka.

Zonsezi zikagwirizana, ntchito siichedwa. Mazira ambiri amaswa m'tsiku loyamba kapena lachiwiri madzi atadzadza. Kenaka umakhala mpikisano ndi dzuwa. Fairy shrimp wa m'matamanda amafuna sabata ziwiri kapena zitatu kuti akule n'kuyamba kuikira, pomwe wa m'maiwe a pamatanthwe ku Botswana amakhwima pasanathe sabata. Moina amakhwima m'masiku ochepa chabe, ndipo madzi akakhala abwino aakazi amabereka okha popanda aamuna. Aamuna amayamba kubadwa zinthu zikayamba kuthina, chakudya chikachepa kapena madzi akayamba kuphwa, ndipo apa m'pomwe mazira opirira chilimwe aja amapangidwa.

Osathira mbewu yonse

Mlimi aliyense wa kwa Lundu kapena kwa Chigaru amadziwa vuto la mvula yoyamba. Imagwa yamphamvu mu Novembala, anthu n'kuthamangira kumunda, chimanga n'kumera bwinobwino, kenaka kumwamba n'kuti mbee kwa sabata zitatu. Mmera umapserera. Wochenjera ndi uja adasungako mbewu yobwereza.

Tinkhanuti timachita chimodzimodzi. Ngakhale madzi, kutentha ndi kuwala zikhale zabwino chotani, mazira saswa onse pakamodzi. Mayi mmodzi amaikira mazira osiyana khalidwe: ena opupuluma, ena oti adzaswe madzi akadzabweranso kachiwiri, ena kachitatu. Pakafukufuku wina wa mu 1997 ku California, Marie Simovich ndi Stacie Hathaway adanyowetsa mazira a mitundu iwiri ya fairy shrimp ya m'zithaphwi zosachedwa kuuma, ndipo pa mazira 100 alionse omwe adaswa ulendo woyamba sadakwane 10. Atawaumitsa n'kuwanyowetsanso, ena adaswa. Akatswiri apezanso kuti komwe madzi ndi osadalirika, mazira oswa pakamodzi amachepa, pomwe komwe thamanda limakhalitsa chaka chilichonse amaswa ambiri.

Zotsatira zake n'zakuti pansi pa thamanda lakale pamakhala nkhokwe ya mazira a zaka zosiyanasiyana. Chaka chabwino chimadzaza nkhokweyo. Chaka cha ng'amba chimatapamo osabwezera. Malinga ngati zaka zabwino zikubwerabe, mtundu sutha.

Si tinkhanu tokha tomwe tidapeza njira yodumphira chilimwe. M'madambo ozungulira nyanja ya Chilwa muli kansomba kotchedwa Nothobranchius kirki komwe kamakhala dzinja limodzi lokha, n'kusiya mazira m'matope kuti adzaswe mvula ina. Mu 1980 Athol McLachlan ndi mnzake Cantrell adalemba za maiwe a mvula a pamatanthwe m'dziko muno, momwe mphutsi za kantchentche kena zimauma gwa ngati kachitsotso koma n'kudzukanso madzi akangozikhudza. Mu 2017 mtundu watsopano wa kantchentcheka, wopezeka kuno kwathu, udapatsidwa dzina loti Polypedilum pembai polemekeza katswiri wa ku Chancellor College, Dylo Pemba.

Phunziro la ku Chilwa

Wina angafunse kuti tinthu tosaoneka bwino ndi maso tikukhudza bwanji banja lomwe likusaka ndiwo zalero. Yankho lili pamulu wa matemba pamsika wa Lirangwe kapena wa Lunzu.

Nyanja ya Chilwa, yomwe ili pakati pa maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya. Kunena zoona ndi thamanda lalikulu. Idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lalikulu lidasanduka bwalo la matope moti mabwato adagona pamtunda padoko la Kachulu.

Pomwe inkaphwa mu 1968, akatswiri a Yunivesite ya Malawi motsogozedwa ndi Margaret Kalk adali kale pakafukufuku wa nyanjayi, ndipo adatsata zonse kuyambira kuuma mpaka kudzadzanso. Zomwe adapeza zidatuluka m'buku la mu 1979 lonena za kusintha kwa nyanja ya Chilwa. Madzi atayamba kuphwa, mchere udachuluka ndipo tinkhanu ta m'nyanjamo tidazimirira. Nsomba zomwe zidapulumuka, matemba, makumba ndi milamba, zidabisala m'maiwe a m'mitsinje yolowa m'nyanjayi monga Likangala ndi Domasi. Mvula itabwerera n'kudzaza nyanja ndi madzi osukuluka, tinkhanu tija tidaonekanso, ndipo mazira omwe adatsala m'matope adathandiza kuti tibwerere msanga.

Apa m'pomwe pagona nkhani. Mwana wa nsomba akangoswa, kukamwa kwake kumakhala kwakung'ono moti chakudya chomwe angameze ndi tinthu ngati timeneti. Matemba amadyabe tinkhanuti ngakhale atakula. Nsomba zobwerera kuchokera kumitsinje zidapeza chakudya cha ana awo chilipo kale, ndipo patangopita zaka zochepa usodzi udayambiranso.

Ku nyanja ya Malawi, yomwe siiphwa, nkhani ya chakudya ndi yomweyo. Usipa ndi utaka zimadalira tinkhanu toyandama m'madzi. Choncho mbale ya usipa kapena matemba yomwe yafika patebulo usiku uno idayambira pa tizilombo tomwe ambiri sitidatione n'komwe.

Alimi a nsomba nawo amaweta tinkhanuti ngakhale ena sadziwa. Ku Chingale m'boma la Zomba, komwe msewu wochokera pa Lirangwe umalowera, kuli maiwe ambiri a makumba ndi chilunguni. Alangizi a zausodzi, potsatira zomwe amaphunzitsa kumalo a kafukufuku wa ulimi wa nsomba ku Domasi, amauza mlimi kuti azithira manyowa a nkhuku kapena a mbuzi m'dziwe mpaka madzi abiriwire. Manyowawo amameretsa ndere zing'onozing'ono, tinkhanu timadya nderezo, ana a nsomba n'kumadya tinkhanuto. Dziwe likaumitsidwa pambuyo pokolola n'kudzazidwanso, mazira a m'matope amalandira zizindikiro zonse zija: kuuma, kuwala, mpweya ndi madzi atsopano.

M'maiko ambiri, malo oswetsera nsomba amagula m'zitini mazira ouma a mbale wake wa fairy shrimp wa m'madzi amchere, wotchedwa Artemia, omwe ambiri amakololedwa kunyanja ya Great Salt Lake ku America. Amawathira m'madzi amchere ofunda, powala, akupopera mpweya, ndipo pakatha tsiku limodzi amakhala aswa kuti ana a milamba adye. Ndi malonda a ndalama zambiri zakunja, pomwe Moina, yemwe amagwira ntchito yofanana, mlimi angathe kumuweta yekha ndi manyowa.

Nanga udzudzu?

Walira mvula walira matope. Zithaphwi zomwezi ndi momwe udzudzu wofalitsa malungo umaswanirana, ndipo palibe kholo lomwe lingasangalale ndi dzenje la madzi kuseri kwa nyumba.

Koma pali kusiyana pakati pa dzenje latsopano ndi thamanda lakale. Mazira a udzudzu wa malungo sapirira chilimwe chathu. Udzudzu umachita kuuluka kudzaikira madzi akabwera. Ukafika m'dzenje lomwe langokumbidwa kumene, mopanda nkhokwe ya mazira a tinkhanu, mphutsi zake zimapeza chakudya chonse chili chawo. M'thamanda lakale zimapeza tinkhanu tambirimbiri tikusefa kale chakudya chomwecho, ndipo mitundu ina ya copepod imagwira timphutsi tongoswa kumene n'kudya. Ku Vietnam, kuyambira m'zaka za m'ma 1990, azaumoyo ankaika dala copepod wa mtundu wa Mesocyclops m'mitsuko ndi m'matanki a madzi m'midzi, ndipo udzudzu wofalitsa matenda a dengue udachepa kwambiri m'midziyo.

Izi sizikutanthauza kuti tinkhanu tingalowe m'malo mwa neti. Kugona m'neti usiku uliwonse ndi kukwirira maenje a pafupi ndi nyumba, monga alangizi a zaumoyo amanenera, n'kofunikabe. Madzi a m'zithaphwi si akumwanso, ndipo ana asamasambemo chifukwa m'matamanda okhalitsa mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, womwe udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, udatikumbutsa mtengo wa madzi osatetezedwa.

Nkhokwe ikutha

Njira yosungako mazira imagwira ntchito pokhapokha ngati zaka zoipa sizikutsatizana kwambiri. M'zaka zapitazi mvula yakhala yovuta kuipanganira. Dzinja la 2015 mpaka 2016 lidali la chilala, ndipo mu Malichi 2024 yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi kaamba ka ng'amba ya El Niño. M'dzinja lotere thamanda limadzadza, mazira n'kuswa, madzi n'kuuma tinkhanu tisanaikire. Zikachitika katatu kapena kanayi m'dzinja limodzi, nkhokwe imatapidwa popanda chobwereramo. Mvula yoopsa ngati ya namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 nayo ili ndi vuto lake, poti imakokolola matope a pamwamba kapena kukwirira mazira pansi pa mchenga komwe kuwala sikufika.

Manja a anthu akuonjezera. Mazira ambiri amakhala m'dothi la pamwamba, losapitirira kutalika kwa chala. Woumba njerwa akapala dothi la pansi pa thamanda n'kuliotcha, nkhokwe ya zaka zambiri imapsera mu uvuni tsiku limodzi, ndipo chotsala ndi dzenje latsopano lokomera udzudzu. Madambo omwe kale ankasiyidwa kuti ziweto zizidyamo akusanduka minda ndi mapuloti.

Choopsa china ndi mankhwala a mbewu. Chibwerereni ntchemberezandonda zoononga chimanga m'dzinja la 2016 mpaka 2017, mabanja ambiri amapopera mankhwala m'minda. Mankhwala monga cypermethrin ndi poizoni woopsa kwa abale onse a nkhanu komanso nsomba, ngakhale atakhala ochepa kwambiri. Munthu mmodzi wotsukira chopopera mankhwala m'thamanda angathe kupha mbadwo wonse wa chaka chimenecho. Malangizo ake ndi osavuta: tungani madzi m'ndowa, tsukirani chopoperacho kumtunda kutali ndi dambo, chitsime kapena mtsinje, ndipo mabotolo otha musawataye m'madzi.

Mafumu ndi makomiti a zachilengedwe m'midzi amateteza kale nkhalango za kumanda ndi magwero a mitsinje. Thamanda lakale la kudambo, lotalikirana ndi nyumba za anthu, lingathe kulowa pamndandanda womwewo. Silifuna mpanda kapena ndalama. Likungofuna kuti dothi la pansi pake lisapalidwe komanso lisathiridwe mankhwala.

Yesani ndi ana kunyumba

Zomwe adachita Sars mu 1895 mwana wa sukulu ya pulaimale ku Lirangwe kapena ku Chileka angazichite popanda kulipira kanthu. Nthawi yabwino ndi chilimwe, mvula isanayambe.

Pezani thamanda lomwe limasunga madzi chaka ndi chaka koma lauma. Palani dothi la pamwamba, malo otsika kwambiri pomwe madzi amathera, lokwana masupuni atatu kapena anayi. Liikeni m'botolo loonekera mkati la kukamwa kwakukulu, kapena m'beseni loyera. Thiranimo madzi a mvula ngati mudasungako. Madzi othira klorini kapena WaterGuard sayenera, ndipo a pamjigo ina amakhala ndi mchere wambiri. Ngati muli ndi a pampopi okha, ayambe akhala padzuwa osavundikira kwa masiku awiri.

Ikani botololo powala koma posafika dzuwa lamasana, ndipo mangani kansalu kopyapyala kukamwa kuti udzudzu usaikiremo. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri, matope atadikha, unikani ndi tochi cham'mbali usiku. Timadontho toyera tomwe tikuyenda modukizadukiza ndi ana oswa kumene. Pakatha sabata maonekedwe awo amayamba kuzindikirika, ndipo mwana angathe kujambula mitundu yomwe waona.

Kuti muone kusankha kwa mazira, gawani dothi lomwelo m'mabotolo atatu. Loyamba likhale powala, lachiwiri mulitsekere mumdima, lachitatu muthiremo kamchere pang'ono ka kukhitchini. Yerekezani pakatha masiku atatu. Kenaka lekani botolo loyamba liume lokha mpaka dothi lichite ming'alu, dikirani sabata zingapo, n'kuthiranso madzi. Kawirikawiri mumatuluka ena, omwe ulendo woyamba adakana kuswa.

Pomaliza, dothi la m'botolo loyamba ndi lachiwiri likauma, mukalibwezere kuthamanda komwe mudalitenga, ndipo ana asambe m'manja ndi sopo. M'dothimo mukhala mukadali mazira ena omwe akudikira mvula ya chaka chamawa.